Shuga akafika m'maso: laser, jakisoni, opaleshoni kapena stem cell?

Azakhali anga ndi telala. Makina awo opalasa ndi phazi akhala pakhonde ku Area 25 kuyambira ndili mwana, ndipo mayunifomu a ana ambiri a m'dera lathu anadutsa m'manja mwawo. Tsiku lina chaka chatha ndinawapeza atagwira ulusi, akuloza pa singano, kuphonya, kunyowetsa nsonga ya ulusiwo ndi malovu, kulozanso, kuphonyanso. Atandiona anangondipatsira. "Talowetsa iwe mwanangu. Kabowoka kakundithawa masiku ano. Ndikayang'anitsitsa chinthu, pakati pake pamakhala ngati pagwera dontho la madzi." Apa n'kuti atakhala ndi matenda a shuga zaka 12.

Nkhani itamveka pachibale, malangizo anachita kuunjikana. Mayi wina amene amapemphera nawo anabwera ndi timapaketi ta ufa woika kunsi kwa lilime, akuti ndi stem cell, wochiza shuga, maso, BP ndi nyamakazi nthawi imodzi. Mwana woyamba wa azakhali, msuweni wanga amene ali ku Johannesburg, anatumiza pa WhatsApp uthenga wa kiliniki ina ya kunja yobaya anthu ma stem cell, n'kunena kuti tiyambe kusonkha. Kuchipatala cha maso adokotala anatchula zina: laser, kumene ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, ndi jakisoni wa m'diso. Azakhali atamva za singano yolowa m'diso anagwira pakamwa. Abale anandisiyira ine kuti ndifufuze, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa mabanja ambiri mu Lilongwe muno aima pamphambano yomweyi.

Chimene shuga amachita kumbuyo kwa diso

M'kati mwa diso, chakumbuyo, muli kanembanemba kopyapyala kotchedwa retina. Ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kamadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi toonda kuposa tsitsi. Shuga akamakhala wokwera zaka zambiri, makoma a timitsemphati amafooka. Tina timayamba kuchucha, tina timatsekeka.

Kuchuchako kukachitikira pakatikati pa retina, pamalo otchedwa macula, malowo amatupa. Pa macula ndi pamene timawerengera, kuzindikirira nkhope ya munthu ndi kulowetsera ulusi pa singano. Dontho la madzi la azakhali linali limeneli. Kutsekeka kuja kumabweretsa vuto lina loopsa kuposa apa. Mbali za retina zimene zasowa magazi zimatulutsa chinthu chotchedwa VEGF, chimene chili ngati mfuu yoitana mitsempha yatsopano. Mitsemphayo imameradi, koma yosalimba, yongoyanga paliponse. Ikaphulika imakhetsera magazi m'kati mwa diso, munthu n'kudzuka m'mawa akuona ngati utsi kapena ulusi wa kangaude ukuyandama patsogolo pake. Pambuyo pake imasiya zipsera zimene zimakoka retina mpaka kuimatula.

Zonsezi sizipweteka. Diso silifiira, silituluka manthongo. Munthu akhoza kukhala ndi mitsempha yoopsa ija akuwerengabe Baibulo lake bwinobwino. Philip Burgess ndi anzake anapima anthu 357 odwala shuga ku zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Zomba Central, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinaonetsa kuti theka la anthuwo retina yawo inali itakhudzidwa kale, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 alionse anali atafika poti maso awo ali pangozi. Awa si anthu a kutali. Ndi anzathu okhala pabenchi la kiliniki ya shuga, atagwira kabuku ka kuchipatala ngati azakhali.

Dzina limodzi, zinthu zitatu

Stem cell ndi selo limene silinakhazikike pa ntchito imodzi. Limatha kugawikana n'kubala maselo a mitundu ina. M'mafuta a m'mafupa mwathu alimo, ndipo ndi amene amapanga magazi athu tsiku ndi tsiku. Madokotala akhala akuwagwiritsa ntchito zaka zambiri pothandiza odwala khansa ya m'magazi. Choncho si nthano ayi. Vuto ndi lakuti dzina limeneli likutchulidwa pa zinthu zitatu zosiyana kutalitali.

Choyamba ndi timapaketi tija. Mukawerenga zolembedwa kuseri, mupeza kuti ufawo ndi wochokera ku zomera monga maapozi ndi mphesa. Selo la apozi, louma ndi loperedwa, silingasanduke mtsempha wa munthu. Likafika m'mimba limagayidwa monga mmene chimagayidwira chinangwa. Palibe njira yoti lichoke palilime kukakonza retina. Chimene chimandiwawa si ndalama zokha, koma anthu amene amaleka metformin kapena insulin atauzidwa kuti ufawu ukwanira. Mayi amene anabweretsa kwa azakhali si wakuba. Amakhulupirira ndi mtima wonse, nayenso anachita kuuzidwa ndi amene anamulowetsa m'gulu la ogulitsa. Koma chifundo chake sichisintha zimene zili m'paketimo. Njira iyi ndinaichotsa tsiku loyamba lomwe.

Chachiwiri ndi makiliniki olipiritsa, ngati ija anaipeza msuweni wanga. Amatenga mafuta a pamimba kapena a m'mafupa a wodwalayo, kuwazunguza m'makina, n'kumubaya nawo pamkono, kuseri kwa diso, kapena m'diso mwenimwenimo. Awa ndiye amandiopsa, chifukwa chilichonse chimaoneka chachipatala: makoti oyera, makina, zikalata. Mu 2015 amayi atatu a zaka zapakati pa 72 ndi 88 anapita ku kiliniki yotere ku Florida m'dziko la America. Matenda awo anali a macula obwera ndi ukalamba, osati a shuga, ndipo ankaonabe ndithu. Aliyense analipira madola 5,000, n'kubayidwa maselo a m'mafuta ake m'maso onse awiri tsiku limodzi. Pasanapite nthawi magazi anakha m'maso mwawo, retina n'kumatuka. Mmodzi anachita khungu lotheratu, enawo anatsala akuona pang'ono zedi. Madokotala amene anayesa kuwapulumutsa analemba nkhaniyi mu New England Journal of Medicine mu 2017.

Diso la munthu wa shuga lili pangozi yoposa pamenepa. Vuto lake ndi kale lomwe mitsempha yomera mosalamulirika ndi zipsera zokoka. Kuthiramo maselo amene chikhalidwe chawo ndi kumera ndi kutulutsa zinthu zokulitsa mitsempha kuli ngati kuthira feteleza pamzere wodzaza udzu usanapalire. Nditamufotokozera msuweni wanga anati, "Koma achimwene, kilinikiyi ilipo pa mndandanda wa kafukufuku wa boma la America." Mndandanda umenewo ndi ClinicalTrials.gov, ndipo kulembedwapo si chilolezo. Ndi kaundula chabe, osati chidindo chakuti mankhwalawo ayesedwa n'kupezeka abwino. Kiliniki ya ku Florida ija inalinso pomwepo.

Chachitatu ndi kafukufuku weniweni, ndipo ameneyu ndimamulemekeza. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku yunivesite ya Kyoto ku Japan anaonetsa kuti selo wamba la mbewa likhoza kubwezeredwa ku ukhanda wake n'kukhalanso stem cell. Chaka chotsatira anachita zomwezo ndi maselo a munthu, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Mu 2014 ku Kobe, gulu la Masayo Takahashi linatenga maselo a pakhungu la mayi wina wa zaka za m'ma 70, kuwasandutsa kansalu ka maselo a pansi pa retina, n'kukaika m'diso mwake. Patatha chaka kansaluko kanali kadakali m'malo mwake. Kuona kwa mayiyo sikunawonjezeke, komanso sikunatsike. Mu 2018 a chipatala cha maso cha Moorfields ku London analengeza za odwala awiri amene anayambanso kuwerenga ataikidwa kachigamba kofanana nako. Izi ndi zosangalatsa, koma onsewa anali ndi matenda a ukalamba aja. Ku Europe kuli mankhwala a stem cell otchedwa Holoclar amene analoledwa mu 2015, koma ndi a munthu amene wapsa kutsogolo kwa diso ndi moto kapena asidi. Kumbuyo kuja safikako.

Nanga za shuga zili pati? Ofufuza akuyesa njira zingapo. Ku Queen's University ku Belfast, Alan Stitt ndi anzake akhala akugwira ntchito ndi maselo amene amatha kusanduka khoma la m'kati mwa mtsempha, ndi cholinga chakuti akamate timitsempha towonongeka magazi n'kuyambanso kuyenda. Ena akuyesa maselo a m'mafuta a m'mafupa ndi a m'thupi, amene amatulutsa zinthu zoziziritsa kutupa ndi kuteteza maselo a retina kuti asafe. Ku University of California, Davis anayesa kubaya m'diso maselo otchedwa CD34 ochokera m'mafupa a wodwala mwiniwake, ndipo lipoti lawo la mu 2015 linali la anthu 6 okha a matenda osiyanasiyana a retina, cholinga chake chili chongoona ngati n'zosavulaza.

Zopinga zake ndi zazikulu. Maria Grant ndi ofufuza ena anaonetsa kuti mwa munthu wa shuga maselo okonza mitsempha aja amakhala nawonso atafooketsedwa ndi shuga yemweyo, ndiye kuwatenga m'thupi mwake n'kuwabwezera kuli ngati kutuma wodwala kukadwazika mnzake. Umboni wambiri umene ulipo ndi wa mbewa ndi makoswe, chonsecho mbewa ilibe macula, ndipo sikhala zaka 12 ndi shuga. Komanso retina ndi mbali ya ubongo. Selo lake likafa, latsopano liyenera kulumikizana ndi anzake mwandondomeko kuti uthenga ufike, ndipo zimenezi sayansi sinazithe. N'chifukwa chake mabungwe oyang'anira mankhwala ku America ndi ku Europe sanavomereze mankhwala a stem cell alionse ochizira retina yowonongeka ndi shuga.

Pali nkhani ina imene ogulitsa amakonda kuisakaniza ndi zawo. Mu 2025 kampani ya Vertex inatulutsa zotsatira za anthu 12 a shuga wa mtundu woyamba amene anapatsidwa maselo opanga insulin ochokera ku stem cell, ndipo 10 mwa iwo anali atasiya kudzibaya insulin patatha chaka. Ndi nkhani yoona ndi yaikulu. Koma anthuwo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti maselowo asakanidwe, shuga wawo si wa mtundu wachiwiri umene ambiri kuno tili nawo, ndipo maselowo sakonza diso lowonongeka kale.

Tsiku lina kafukufuku wotere akhoza kufika kuno, ndipo kulowa nawo si kulakwa. Mudzamuzindikira chonchi: sakulipiritsani, sakulonjezani kuchira, amayamba ndi diso limodzi, amakuwerengerani chikalata m'chinenero chimene mukumva musanasaine, ndipo amakutsatirani miyezi ndi zaka. Kuno kwathu amayenera kudutsa ku komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Funsani kalata yake. Amene akwiye ndi funso limeneli wakuyankhani kale.

Laser ndi jakisoni: apa ndiye pali kusankha kwenikweni

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Njira ziwirizi ndizo zili pamphuno, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti sizolimbana nthawi zonse. Iliyonse ili ndi vuto limene imalithetsa bwino.

Laser ndi yakale ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuletsa mitsempha yoyanga ija. Amakudonthezerani mankhwala ochititsa dzanzi, mumatsamiritsa chibwano pa makina, adokotala amaika kagalasi padiso, kenaka kuwala kumang'anima kambirimbiri. Amawotcha timadontho toposa 1,000 m'mphepete mwa retina, kawirikawiri m'maulendo awiri kapena atatu. Azakhali atamva mawu akuti kuwotcha anafunsa kuti, "Ndiye andiwotcherenji diso langa lomwe?" Ndinawakumbutsa zimene agogo ankachita m'chilimwe, kutentha dala udzu wa m'mphepete kuti moto wolusa ukabwera usafike pankhokwe. Mbali za retina zosowa magazi zija zikawotchedwa, mfuu ya VEGF imachepa, mitsempha yoipa n'kufota, pakati n'kupulumuka. Kafukufuku wamkulu wa ku America anaonetsa kale mu 1976 kuti njirayi imachepetsa ngozi ya khungu ndi kupitirira theka.

Mtengo wake ulipo. Kuona cham'mbali kumachepa, usiku munthu amavutika kuposa kale, ndipo pochita ena amamva kuwawa ngati kubaya kwa mkati. Laser sibweza zimene zatayika, imangoteteza zotsala. Pabenchi mudzamva wina akunena kuti m'bale wake anachita khungu atangowotchedwa. Nthawi zambiri munthu wotero anafika mochedwa, magazi ali pafupi kukha, kapena analekeza panjira ulendo woyamba utamuwawa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ikatsirizidwa bwino imakhalitsa zaka.

Jakisoni amagwira mwa njira ina: amamanga VEGF mwiniwakeyo. Wodziwika kwambiri m'mayiko ngati lathu ndi bevacizumab, amene dzina lake la malonda ndi Avastin. Anapangidwira khansa ya m'matumbo ndipo analoledwa mu 2004, koma chaka chotsatira madokotala a maso anayamba kumugwiritsa ntchito m'diso. Chifukwa diso limafuna kadontho chabe, botolo limodzi limagawidwa kwa anthu ambiri, mtengo n'kutsika. Bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2013. Pali enanso opangidwira diso lenileni, odula kwambiri: ranibizumab kapena Lucentis, aflibercept kapena Eylea, ndi faricimab kapena Vabysmo amene anabwera mu 2022.

Kodi wotchipayo ndi wachabe? Ayi. Mu 2015 ku America anayerekeza atatu oyambawo pa anthu 660 otupa macula chifukwa cha shuga. Kwa amene kuona kwawo kunali kutangotsika pang'ono, onse atatu anathandiza mofanana. Kwa amene anali ataonongeka kwambiri, aflibercept anapambana m'chaka choyamba. Koma nambala imene inanditsegula maso ndi ina: m'chaka choyambacho munthu ankabayidwa ka 9 kapena ka 10. Mphamvu ya jakisoni imatha pakapita milungu ingapo, kutupa n'kubwerera. Si chinthu chobayitsa kamodzi n'kuiwala. Palinso ngozi ya majeremusi kulowa m'diso. Imachitika mwa apo ndi apo, koma diso likafiira, kupweteka ndi kuchita mdima m'masiku otsatira jakisoni, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri.

Tsono kuyerekeza kwake n'kotere. Ngati vuto ndi kutupa kwa pakati ndipo kuona kwatsika, jakisoni ndiye amaposa, chifukwa amatha kubweza mizere ingapo pa tchati cha zilembo chimene amapimira maso. Laser yopepuka yolunjika pa malo ochucha ilipo, ndipo kafukufuku wa mu 1985 anaonetsa kuti imachepetsa ndi theka ngozi yoti kuona kutsikirebe, choncho pamene jakisoni sakupezeka kapena thumba lakana, si yoinyoza. Ngati vuto ndi mitsempha yoyanga, njira zonse ziwiri zimagwira. Kafukufuku winanso wa mu 2015 anapeza kuti patatha zaka ziwiri ranibizumab sanachepere laser. Koma anthu a m'kafukufuku amakumbutsidwa tsiku lawo ndipo mankhwala amawapeza alipo. Madokotala a ku Philadelphia atayang'ana odwala amene anasowa miyezi yoposa 6 kenaka n'kubwerera, anapeza kuti amene ankadalira jakisoni yekha maso awo anali ataonongeka kwambiri kuposa amene anawotchedwa ndi laser.

Ine pamenepa ndili ndi mbali. Munthu wa ku Mitundu, Kasiya, Malingunde kapena Ntchisi, amene ulendo wa ku tauni umafuna kugulitsa nkhuku, amene mvula ikagwa msewu umadula, mafuta akasowa minibasi imakwera mtengo, maliro akagwa pamudzi sangachoke, sangalonjeze kubwera mwezi ndi mwezi chaka chathunthu. Ngakhale ife a m'tauni momuno mwezi wina umatikana. Kwa munthu wotero, ngati adokotala aona mitsempha yoyanga, laser yotsirizidwa bwino ndi chitetezo chimene amapita nacho kumudzi. Muuzeni dokotala zoona za kumene mumakhala ndi mmene thumba lanu lilili. Zimenezo ndi mbali ya kupima, si zochititsa manyazi.

Palinso jakisoni wa mtundu wa steroid, amene amakhalitsa miyezi ingapo. Amathandiza ena amene jakisoni woyamba uja sanawagwire, koma amafulumizitsa ng'ala ndipo amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, choncho amafuna kupimidwa pafupipafupi.

Opaleshoni, ng'ala ndi magalasi

Magazi akadzaza m'diso osayera, kapena zipsera zikayamba kumatula retina, chotsala ndi opaleshoni yotchedwa vitrectomy, imene Robert Machemer anaiyambitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Amachotsa madzi olimba a m'kati mwa diso pamodzi ndi magaziwo, kudula zipsera, n'kuwotcha ndi laser ali momwemo. Imapulumutsa maso ambiri, koma imafuna katswiri wa retina ndi makina apadera, ndipo akatswiri otere ndi ochepa m'chigawo chino cha Africa. Si njira yosankha, ndi kumene munthu amafika zina zija zikachedwa.

Musaisokoneze ndi opaleshoni ya ng'ala. Anthu a shuga ng'ala imawapeza msanga, ndipo imeneyi ndi yochizika bwino. Chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi ntchito imeneyi, ndipo ku Kamuzu Central amachitanso. Koma ng'ala ili kutsogolo, retina ili kumbuyo. Mukachotsa ng'ala pemphani kuti akuoneninso kumbuyoko, chifukwa nthawi zina ng'alayo imakhala ikubisa zimene shuga wachita. Magalasi ogula pamsika nawo amangokuza zilembo. Azakhali anasintha atatu chaka chimodzi, matenda akupitirira mwakachetechete.

Njira imene sitiitcha mankhwala a maso

Laser, jakisoni ndi opaleshoni zonse ndi zokolopa madzi. Mpopi wotayikira ndi shuga ndi BP. Mu 1993 kafukufuku wa anthu 1,441 a shuga wa mtundu woyamba ku America ndi Canada anaonetsa kuti kusunga shuga pafupi ndi mlingo wake kunachepetsa ndi 76 peresenti ngozi yoti retina iyambe kuonongeka. Mu 1998 wa ku Britain, wa anthu a mtundu wachiwiri, anaonetsa kuti kutsitsa BP kunachepetsa kukula kwa matenda a retina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Palibe paketi, palibe kiliniki ya kunja imene ili ndi umboni wofika apa.

Kuyeza kwa m'mawa kobaya chala kumangonena za tsikulo. Kumene kumaulula miyezi itatu yapitayo ndi kotchedwa HbA1c, ndipo kwa akuluakulu ambiri madokotala amafuna kuti kukhale pansi pa 7 peresenti. Kunyumba nkhondo yake ndi ya m'mbale: mitanda ya nsima ichepe ngakhale ili ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zichuluke, mchere uchepe, tiyi akhale wopanda shuga, zakumwa zotsekemera zisiyidwe, fodya atayidwe. Azakhali chinawavuta kwambiri ndi mtanda wachitatu wa usiku, ndipo sindiwaweruza, chifukwa munthu amene wapalasa makina tsiku lonse amamva njala yeniyeni. Chenjezo limodzi: shuga amene wakhala wokwera kwambiri akatsitsidwa mwadzidzidzi, retina imatha kuyamba yaipiraipira kwa kanthawi. Si chifukwa chosiyira mankhwala, koma ndi chifukwa chopimitsira maso poyamba pomwe. Mayi wa shuga amene watenga pakati apimitsenso msanga, chifukwa mimba imafulumizitsa matendawa.

Pali piritsi lakale la mafuta a m'magazi lotchedwa fenofibrate limene likuonetsa zabwino. Ku Scotland analiyesa pa anthu 1,151 amene retina yawo inali itangoyamba kukhudzidwa, ndipo zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti linachepetsa ndi 27 peresenti kukula kwa matendawa. Si la aliyense, makamaka amene impso zawo zafooka, ndiye musakagule nokha ku famase. Litchuleni kwa adokotala.

Zonsezi zimayambira pa kupimitsa. Amene wapezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri apimitse maso nthawi yomweyo, chifukwa shugayo amakhala atakhalitsa m'thupi asanadziwike, kenaka chaka ndi chaka ngakhale akuona bwino. Kuno ku Lilongwe chipatala cha maso cha Lions SightFirst chili pa Kamuzu Central, ndipo mukhoza kupempha kalata yokutumizani kumeneko ku kiliniki imene mumalandirira mankhwala a shuga. Kuwerenga zilembo pakhoma si kupima retina. Amayenera kukudonthezerani mankhwala okuza mwana wa diso n'kusuzumira kumbuyo. Mankhwalawo amachititsa chizimezime maola angapo ndipo dzuwa limathobwa, choncho pitani ndi wokuperekezani, tengani chipewa, musayendetse galimoto kapena njinga yamoto pobwerera. Tenganinso kachakudya m'chikwama, chifukwa munthu amene wamwa mankhwala a shuga n'kukhala pamzere mpaka masana shuga amatha kumutsikira.

Azakhali anapezeka ndi mavuto onse awiri. Diso lamanja linali lotupa pakati, lamanzere linali ndi mitsempha yoyanga ngakhale iwo ankati ndilo labwino. Lamanzere analiwotcha maulendo atatu. Ndalama zimene msuweni wanga ankafuna kusonkhera kiliniki ya kunja zinapita ku jakisoni wa lamanja ndi thiransipoti. Tsiku la jakisoni woyamba anandigwira dzanja pakhomo mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Atatuluka, diso litaphimbidwa, anati, "Basi kwatha? Ine ndimadikira kuti ayambe."

Pano abayidwa kasanu. Dontho la madzi lija lachepa koma silinathe. Usiku sayendanso okha popita ku mapemphero a m'dera, amatengana ndi mdzukulu wawo atanyamula tochi. Ndinawagulira kawaya kolowetsera ulusi, ndipo m'mawa kukawala bwino nthawi zina amalowetsa okha popanda iko. Mayi wa timapaketi uja amabwerabe kudzacheza. Azakhali amamuyalira mkeka, kumufulira tiyi, n'kumuuza kuti nayenso akapimitse, pakuti ali ndi shuga zaka zisanu ndipo kumbuyo kwa maso ake sikunaonedwepo. Tsiku lobwerera azakhali lalembedwa pachikuto cha kabuku kawo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mayiyo wavomera kuti adzapita nawo.